Thobwa la Apongozi

Kwa Kapichi, Lachisanu masana

Mwana wanga Yosefe,

Ndakhala pakhonde ndi mapepala amene ndang'amba pakati pa kope la mlongo wako. Mayi ako ndi anzawo ali kuseri akusefa thobwa la mawa, ndipo iwe wapita kukameta kuti ukaoneke munthu pa chinkhoswe chako. Zilembo zikuluzikuluzi usaziseke, maso anga ukuwadziwa. Ndikadakuuza pamaso, koma ndimakudziwa iwe. Ndikangoyamba nkhani ya shuga umaweramira pa foni n'kumati "ndamva, abambo" usanamve kalikonse. Pepala ndiye sungalidule mawu. Uwerenge mpaka kumapeto, chifukwa kumapetoko kuli nkhani imene ikukwiyitse, ndipo ndikufuna ukafikeko utadziwa kale chimene ndinachitira.

Mawa ukupita kwa Khwethemule kukakhala chikamwini kwawo kwa Esinati. Ndasangalala, mwana uja ndi wamtima. Koma Lamulungu lapitali, tikubwera kutchalitchi, unandipempha chinthu. Unati, "Abambo, za jakisoni zithere panopa. Esinati akudziwa, basi zakwana. Mayi ake akamva azindiona ngati theka la mwamuna." Ine ndinagwedeza mutu kuvomera. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi.

Sindikukudzudzula. Zimene anthu amanena ndimazidziwa bwino kuposa iwe, chifukwa ndinazimva zikunenedwa za ine: akuti munthu wa shuga salima, sachedwa kufa, ndipo m'nyumba amangokhala ngati mlongo wa mkazi wake. Alongo ako awiri omalizawa anabadwa shuga atandipeza kale, ndiye amene ankanena zimenezo ankangoyang'ana kumbali mayi ako akamadutsa ndi mwana kumbuyo. Komabe mawu amapweteka, ndipo iwe ndiwe wamng'ono. Tsiku limene adokotala ku Makwasa anatiuza kuti uzibaya jakisoni kawiri pa tsiku moyo wako wonse, uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zokha, ndinatuluka ngati ndikupita kukataya madzi, n'kukalira kuseri kwa chipatala. Anandiuza kuti shuga wako ndi wamtundu wina, wosiyana ndi wanga, ndipo palibe amene analakwa, iweyo kapena ife makolo ako. Ndinamva, koma ndinalirabe. Choncho manyazi akowo ndikuwamvetsa. Vuto ndi lakuti ine ndinayenda nawo manyazi omwewo, ndipo ndikudziwa kumene amafikitsa munthu.

Shuga anandipeza iwe uli ndi zaka zitatu. Ndinkamwa madzi ngati ng'ombe, kuthengo ndinkapita kosaleka, ndipo pamene ndakodza pankadzaza nyerere. Kuchipatala anandipatsa mapilitsi, namwino n'kundiuza momveka bwino kuti ndikamwa ndizidya. Kuntchito sindinauze aliyense. Ndinkaopa kuti kapitawo wathu, a Sitolo, akamva andichotsa pa mzere wa othyola tiyi n'kuikapo wina wamphamvu. Tsiku lina m'nyengo ya mvula, tsamba litachuluka, ndinadzuka mochedwa. Ndinameza pilitsi ndi madzi, dengu kumsana, ulendo, m'mimba mulibe kanthu. Dzuwa litakwera pang'ono ndinayamba kutuluka thukuta, pamene anzanga ankanjenjemera ndi mvula yowaza. Zala zinayamba kuphonya nsonga za tiyi, ndinkangokokolola masamba okhwima. A Sitolo atandifunsa kuti ndikuthyola chiyani, akuti ndinawatukwana, ine amene ndinkaimba kwaya. Zimenezo sindizikumbukira. Ndimangokumbukira kuti nthaka inabwera kumaso.

Anzanga anaseka. "Kachasu wa m'mawa ameneyu," anatero. Anandikokera pansi pa mtengo kuti mowa unditheremo, iwo n'kubwerera m'mizere. Mayi wina amene tinkathyola naye, a Felesiya, ndi amene anatsalira. Mayi awo anali a shuga, ndiye zinthuzi ankazidziwa. Anandinunkhiza kukamwa n'kunena kuti, "Awa sanamwe awa." Anali ndi botolo la tiyi wa shuga lokulunga m'chitenje, ndipo poona kuti ndikutha kumeza, anandimwetsa pang'onopang'ono. Nzeru zitabwerera anandipatsa mbatata yawo ya nkhomaliro. Kenako anandiyang'ana nati, "Achimwene, mukadandiuza kale sindikadayamba n'kukununkhizani kukamwa ngati mbuzi." M'mawa mwake ndinapita kwa a Sitolo kukapepesa, ndikuganiza kuti ntchito yatha. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga bwanji simunanene?" Anandiika pa mzere woyandikira shedi ya sikelo, ndipo ndinathyola tiyi zaka zina khumi ndi ziwiri.

Yosefe, a Felesiya akadajomba tsiku limenelo, bwenzi utakula wopanda bambo, ndipo anthu bwenzi akunena mpaka lero kuti ndinafa ndi kachasu. Jakisoni wako amagwetsa shuga mwamsanga kuposa mapilitsi anga. Ukabaya, udye. Usabaye n'kumati ndikadya ndikabwerako. M'thumba mwako musasowe maswiti kapena kapepala ka shuga, ngakhale ukungopita kudimba. Ukamva thukuta lozizira, kunjenjemera, njala yodzidzimutsa, kapena ukaona kuti ukupsa mtima popanda chifukwa, khala pansi pomwepo, udye chotsekemera, ndipo ukatsitsimuka udye chakudya chenicheni. Koma tsiku lina shuga adzatsika iwe osazindikira, monga zinandichitikira ine. Tsiku limenelo maswiti a m'thumba sadzadziika okha m'kamwa mwako. Padzafunika munthu wapafupi wodziwa kuti sunaledzere, wodziwanso kuti ngati sukutha kumeza asakuthire madzi m'kamwa, akuthamangitsire kuchipatala. Esinati sadzakhala pambali pako tsiku lonse.

Cholakwa changa chachiwiri ndi chimene chimandiwawa kwambiri, ndipo ndi chimene chikukudikira iwe kwa Khwethemule. Ukudziwa kuti nanenso pano ndine mkamwini. Mudzi uno ndi wa mayi ako. Malemu agogo ako, apongozi anga, anali munthu wachikale. Sitinkakhala pamphasa imodzi, sitinkayang'anana kumaso, ndipo tikakumana panjira iwo ankapatukira m'chinangwa, ine n'kuvula chipewa. Chikondi chawo chinkabwera m'chikho. Madzulo aliwonse ndikaweruka, ankatuma mayi ako ndi chikho chachikulu cha thobwa, atathiramo shuga wowonjezera, chifukwa akuti mkamwini wawo watopa ndi tiyi wa azungu. Shugayo ankadzimana okha kuti athire mwa ine. Ndiuze iwe, chikho chotere ungachibweze chosatha? Ndinkamwa mpaka pansi, n'kunena mokweza kuti zikomo, kuti amve ali kukhitchini kwawo.

Mayi ako anandichonderera kangapo kuti awauze. Ndinawaletsa. Ndinkati mayi wachikulire akamva kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wodwala sagona tulo, komanso kukana chakudya cha apongozi ndi mwano. Zinayenda choncho zaka ziwiri. Mwezi uliwonse kuchipatala shuga ankapezeka wokwera, ndipo ine ndinkalumbira kuti ndikutsata zonse. Namwino wina atatopa nane anati, "Bambo, makinawa sanama, ndiye wonama ndi mmodzi mwa ife awiri." Ndinaseka nawo, koma madzulo ake ndinamwanso thobwa. Kenako maso anayamba kuchita nkhungu. Ndinkaona mzere wa tiyi ngati kuli chiperoni pamene kunja kuli ngwee.

Mayi ako analeka kundimvera, anakawauza. Tsiku limenelo chikho sichinabwere. M'malo mwake ndinamva munthu akukhala pansi kuseri kwa mpanda wa udzu, pafupi ndi pamene ndinkanolera chikwanje. Anali agogo ako, atafulatira. Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo mudzi umodzi, ndi tsiku lokhalo limene anandilankhula mwachindunji. Anati, "Akamwini, ndiye zaka ziwiri ndakhala ndikukuphani ndi manja angawa, inu n'kumati zikomo?" Ndinaika chikwanje pansi. Anati, "Ulemu wanji umenewo? Mukadafa, ine ndikadauza chiyani mwana wanga?" Analira, mayi wachikulire, atakhala padothi. Ine ndinkaganiza kuti ndikuwalemekeza, chikhalirecho ndinawasandutsa wondipweteka iwo osadziwa. Kuyambira pamenepo ankatumiza nandolo, nkhwani wotendera, peyala likapsa. Anandisamala kuposa mwana wobala. Koma maso sanabwererenso mwakale, n'chifukwa chake ukuwerenga zilembo zonga za mwana wa sitandade wani.

Akuluakulu amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine sindinafe, koma ndinasiyako maso. Mayi a Esinati nawonso adzafuna kukuonetsa chikondi, ndipo chikondi cha apongozi kuno kwathu sichilankhula, chimaphika. Adzakutumizira thobwa, nsima yoyera mitanda yosawerengeka, phava la nthochi, nzimbe za kudimba. Ukakana osanena chifukwa, adzati mkamwini wake ndi wonyada, mwina amanyansidwa nawo. Ukadya zonse, ukudziwa chimene chidzachitike. Sindikunena kuti uzikhala ndi njala. Idya pa nthawi yake, nsima ya mgaiwa ya mlingo umene anakuuza kuchipatala, ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, nandolo, usipa. Nthochi imodzi si mlandu, phava lonse ndiye mlandu. Koma zonsezi zimatheka ngati wophikayo akudziwa.

Palinso khasu. Mkamwini watsopano amadzuka kusanache kukalima munda wa apongozi kuti anthu aone kuti mwana wawo sanatole mlesi, ndipo amabwerako dzuwa lili pamutu asanalawe kanthu. Nanenso ndinachita, ndili wathanzi. Iwe usayese. Yeza shuga, baya, idya, kenako nyamula khasu, ndipo utengeko kachakudya kumundako, chifukwa ntchito yolemetsa imatsitsa shuga. Akakuseka kuti mkamwini wa kwa Kapichi sagwira khasu asanadye, aseke. Pokolola saona kuti unayamba nthawi yanji.

Cholakwa chachitatu unachiona ndi maso ako, koma chiyambi chake sindinakuuzepo. Patapita zaka ndinayamba kumva bwino, ndiye ndinadziona ngati ndachira. Ndinaleka kupita kuchipatala mwezi ndi mwezi, mapilitsi ndinkamwa ndikakumbukira. M'chilimwe china tikudulira tiyi, kachitsa kosongoka kanaboola jombo yanga n'kundilasa pansi pa chala. Sindinamve kanthu, chifukwa shuga akakhalitsa wokwera mapazi amachita dzanzi. Ndinazindikira patatha masiku atatu, sokosi itamatirira. M'malo mopita kuchipatala ndinathirapo phulusa n'kumanga kansanza, mayi ako osawauza, chifukwa ndinkaopa kuti andifunsa za mapilitsi. Fungo ndi limene linandiulula. Zala ziwiri zinatsala ku Makwasa, ndipo ntchito yothyola inathera pomwepo. Madokotala anagwira ntchito yawo, phazi analipulumutsa. Wolakwa ndinali ine.

Ndiye mapazi uziwayang'ana madzulo aliwonse posamba, pansi pake ndi pakati pa zala. Usalime wopanda jombo, ngakhale akutchule bwana. Kabala kakang'ono kakapanda kupola, pita nako kuchipatala kakadali kakang'ono. Tsiku lako la kuchipatala usaliphonye chifukwa cha ganyu, maliro a kutali kapena mvula. Ndipo ukadwala malungo kapena kutsegula m'mimba, chakudya chikukanika, usasiye jakisoni mwa nzeru zako. Yeza pafupipafupi, imwa madzi, upite kuchipatala tsiku lomwelo akakuuze chochita. Ndikudziwa kuti zambiri mwa izi umazichita bwino kuposa ine. Kope lako lolembamo shuga ndi laukhondo, ndipo sunaphonyepo jakisoni chiyambire. Ndimakunyadira, ngakhale sindinena kawirikawiri. Koma pano wakhala ukuchita bwino chifukwa nyumba yonse ikudziwa. Ukachedwa kudya, mayi ako amakuitana. Nkhope ikasintha, mlongo wako amathamangira shuga usanapemphe.

Mawa lenilenilo usamale. Chinkhoswe sichiyamba pa nthawi yake, ankhoswe amalankhula ngati alipidwa, ndipo chakudya chimabwera anthu atafooka. Udye m'mawa tisananyamuke. Mayi ako aika maswiti m'thumba lamkati la jekete, usawapatse ana. Akakupatsa botolo la zoziziritsa kukhosi kuti ujambulitse, gwira, umwetulire, ulipereke kwa mnzako.

Tsopano ndafika pa nkhani ija. Pano mankhwala ako amakhala mu mtsuko wa dothi uja wa kuseri kwa chitseko, wokhazika mumchenga umene mayi ako amanyowetsa m'mawa uliwonse kuti asatenthedwe. Lolemba ndinakufunsa kuti kwa Khwethemule ukasunga kuti. Unati m'sutikesi, pansi pa bedi, kuti asaoneke. Yosefe, nyumba imene mukakhalemo ndi ya malata, ndipo tikulowa m'nyengo yotentha. Mankhwala amenewo akatenthedwa amatha mphamvu, munthu n'kumabaya madzi osadziwa. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti wayamba kuyenda njira yanga, phazi ndi phazi.

Lachitatu ndinakuuza kuti ndikupita ku Makwasa kukatenga mapilitsi. Ndinapitadi. Koma pobwerera sindinabwere kuno. Ndinadzera kwa amalume ako a Bizwiki, popeza ndiwo nkhoswe yako ndipo sindikadalowa mudzi wa eni popanda iwo. Tinakwera njinga yamoto mpaka kwa Khwethemule. Esinati anali kumsika. Mayi ake anatiyalira mphasa, akuganiza kuti tabwera ndi za dongosolo la mawa. Ndinawauza zonse: za jakisoni wa m'mawa ndi wa madzulo, za kunjenjemera, za chakudya, za khasu, za mtsuko wosungiramo mankhwala. Ndinkadziwa kuti akhoza kuimirira n'kunena kuti chinkhoswe chalephereka, ndipo iwe sukadandikhululukira mpaka kumanda. Koma ndinanena.

Mayi a Esinati anayang'ana pansi. Amalume ako anayamba kutsokomola. Ine ndinavula nsapato ndi sokosi, n'kuwaonetsa phazi. Ndinati, "Asewere, izi si shuga anachita. Izi anachita ndi manyazi. Mwana wanga ndi wamphamvu, amalima, adzasamala mwana wanu. Koma akufuna kukubisirani monga ine ndinabisira apongozi anga."

Anayang'ana phazilo, kenako analowa m'nyumba. Ndinati basi, zatha. Anatuluka atanyamula mapaketi awiri a shuga, n'kuwaika pamphasa. Anati, "Uyu ndinagula dzana. Ndimati sabata yoyamba akamwini azimwa thobwa lokoma, adziwe kuti afika kwa anthu. Chimera ndanyika kale." Kenako anati, "Ndiye mwana wanga yemwe, wobala ndekha, amati azingondiyang'ana ndikuthira?" Ndinawapempha kuti asamukalipire Esinati, chifukwa anangosunga mawu a mwamuna wake monga mayi ako anasungira anga. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje nati, "Shugayu sindibweza kugolosale. Ndimuthira m'botolo, akhale pawindo, azidikira tsiku lonjenjemeralo. Mundiuze, akayamba ndiwapatse masupuni angati?" Ndinawauza monga anatiphunzitsira kuchipatala, ndipo anabwereza kawiri kuti asaiwale. Za munda anati, "Mundawo wakhala ukundidikira ine zaka zonsezi, udikiranso akamwini adye kaye." Titanyamuka anatiperekeza mpaka kumsewu, ndipo funso lawo lomaliza linali lakuti mtsukowo ukhale waukulu bwanji.

Ndaphwanya lonjezo langa kwa iwe, ndipo sindibisala kumbuyo kwa ukulu. Chinsinsicho chinali chako, woyenera kuchinena unali iwe. Ndinadikira kuyambira Lamulungu kuti mwina usintha maganizo, koma nkhani ya sutikesi inandithetsa kudikira. Ngati ndalakwa, ndalakwa ndi maso otsegula. Ukhoza kundikwiyira. Mawa ngati sukufuna kundipatsa moni, ndikhala kumbuyo ndi azibambo anzanga, palibe amene adzadziwe. Esinati usamufunse mlandu, sanadziwe kanthu za ulendowu.

Koma ukalowa m'nyumba yako yatsopano, yang'ana kuseri kwa chitseko. Ukapeza mtsuko uli mumchenga wonyowa. Usakanamizire kuti sunauone. Ukaikemo mankhwala ako, ndipo m'mawa mwake, utabaya ndi kudya, ukaime kuseri kwa mpanda wa apongozi ako, uvule chipewa, unene zikomo mokweza kuti amve. Zikomo wako adzakhala woona, osati ngati wanga uja.

Mkwiyo wako ndiusenza, mwana wanga, ngakhale utakhala wa chaka chathunthu. Amene sindingathe kumusenza ndi iweyo, uli m'bokosi la maliro.

Ndine bambo ako,
wa zala zisanu ndi zitatu.